Matumbo nawo amalawa, ndipo ndi ovuta kuwapusitsa

Wowerenga wina walemba kuti: "Patha miyezi inayi chisiyireni zakumwa za shuga. Ndimamwa zija amati zilibe shuga, ndipo pakamwa zimatsekemera bwinobwino. Koma mtima sukhazikika. Madzulo ndimapezeka ndikusakasaka kanthu kokhala ndi shuga weniweni. Mnzanga wina anandiuza kuti matumbo ali ndi lilime lawolawo, ndipo amakaneneza ku ubongo kuti ndawanamiza. Ine ndinangoseka. Kodi ananena zoona? Ngati zili choncho, matumbo amalankhula bwanji ndi ubongo?"

Mnzanuyo musamuseke kwambiri, sanaphonye patali. Lilime lenileni m'matumbo mulibe, ndipo chakudya chikangodutsa pakhosi kukoma kwake simukumvanso. Koma muli maselo amene ntchito yawo ndi kulawa chimene mwameza n'kutumiza uthenga. Kulawa kwachiwiriku kumachitika inu osadziwa, ndipo funso lake ndi lina. Lilime limafuna kudziwa ngati chinthu chili choyenera kumeza kapena kulavula. Matumbo amafuna kudziwa kuti m'chimene chafikacho muli chiyani chothandiza thupi, ndipo chachuluka bwanji. Zotsekemera zopanda shuga zimakhoza mayeso oyambawo n'kulephera achiwiri.

Mukaika kachidutswa ka matumbo aang'ono pa maikulosikopu, m'kati mwake mumaoneka tizala tating'onoting'ono tothithikana ngati ubweya wa thaulo. Kachala kalikonse kanakutidwa ndi mzere umodzi wokha wa maselo, ndipo mzere umenewu ndi umene uli malire pakati pa chakudya ndi magazi anu. Ambiri mwa maselowa ndi oyamwa chakudya, ena ndi otulutsa mamina oteteza matumbo. Koma apo ndi apo, mwina limodzi pa maselo 100 alionse, mumapeza selo looneka mosiyana, ngati kabotolo ka khosi lowonda. Khosilo limasuzumira m'njira yodutsa chakudya, pamene thako lake lonenepa limayang'ana m'kati mwa thupi, kumene kuli timitsempha ta magazi, ndipo thakolo ndi lodzaza ndi timatumba ta mahomoni, mankhwala onyamula uthenga m'thupi. Asayansi amawatcha enteroendocrine cells. Ndi ochepa komanso omwazikana, moti kwa zaka zambiri kunali kovuta kuwatola kuti aphunziridwe paokha, koma mukawasonkhanitsa onse amapanga chiwalo chachikulu kwambiri chotulutsa mahomoni m'thupi la munthu.

Ndipotu mawu oti homoni anabadwira m'matumbo momwemu. Mu January 1902, William Bayliss ndi Ernest Starling, ku University College London, anatenga galu wogonetsedwa ndi mankhwala n'kudula mitsempha yonse yopita ku chigawo china cha matumbo ake. Nthawi imeneyo akatswiri, kuphatikizapo Ivan Pavlov wa ku Russia, ankakhulupirira kuti kapamba amalamulidwa ndi mitsempha basi. Awiriwa atathira asidi m'chigawo chopanda mitsemphacho, kapamba anayamba kutulutsa madzi ake ngati palibe chimene chadulidwa. Kenaka anapala khungu lam'kati mwa matumbo, kulisinja ndi asidi, kusefa, n'kubaya madziwo mumtsempha wa magazi wa galuyo, ndipo kapamba anatulutsanso. Chinthucho anachitcha secretin, ndipo mu 1905 Starling anagwiritsa ntchito mawu oti hormone, ochokera ku Chigiriki, otanthauza kudzutsa kapena kufulumiza. Kuyambira pamenepo mabuku anayamba kuphunzitsa kuti mauthenga a m'thupi ali ndi misewu iwiri yosakumana, wa magazi ndi wa mitsempha. Tiona kutsogoloku kuti maselo omwewa ndi amene adzasokoneze chiphunzitsocho.

Pano ndiyambe ndakonza vuto la mawu. M'Chichewa mtsempha ndi umene umanyamula magazi, mtsempha ndi umenenso umanyamula uthenga wopita ku ubongo. M'yankho lino ndikangoti mtsempha ndikunena wonyamula uthenga. Wa magazi ndiziutchula kuti wa magazi.

Titsatire chakudya chimodzi. Musanadye, maselo a m'chifu amakhala akutulutsa ghrelin, homoni imene inatulukiridwa ku Japan mu 1999 ndi Masayasu Kojima ndi Kenji Kangawa. Imeneyi imakwera nthawi ya chakudya ikamayandikira n'kutsika mukadya, ndipo pa mahomoni odziwika a m'mimba ndi yokhayo imene imawonjezera njala. Chakudya chikachoka m'chifu n'kulowa kumayambiriro kwa matumbo aang'ono, asidi amene chabwera naye amadzutsa secretin, ndipo kapamba amathira madzi oziziritsa asidiyo. Mafuta ndi mapuloteni amadzutsa CCK, imene imafinya ndulu, kuitanitsa madzi ogaya chakudya kwa kapamba, ndi kuuza chifu kuti chichepetse liwiro lokhuthulira. Shuga ndi mafuta amadzutsa GIP. Chakumunsi, kumapeto kwa matumbo aang'ono ndi m'matumbo aakulu, kumachuluka maselo otulutsa GLP-1 ndi PYY. Amenewa ali ngati mabuleki: chakudya chikafika kumeneko chisanayamwidwe, ndiye kuti kumtunda kwachulukidwa, choncho amachedwetsa chifu ndi kuchepetsa chilakolako cha chakudya. Mabuku akale ankati selo lililonse lili ndi homoni yakeyake, n'kuwapatsa zilembo monga I, K, L ndi S. Masiku ano tikudziwa kuti selo limodzi limatha kusunga mahomoni angapo, ndiponso limasintha amene likutulutsa pamene likukalamba n'kumakwera kachala kaja.

Tsopano tifike pa shuga, chifukwa funso lanu lagona pamenepa. Shuga wa patebulo akafika m'matumbo amang'ambidwa pawiri, kukhala gulukosi ndi fructose. Pakhosi pa kabotolo kaja pali kachitseko kotchedwa SGLT1, kamene sikalola gulukosi kulowa yekha. Kagawo kalikonse ka gulukosi kamalowa limodzi ndi tizigawo tiwiri ta sodium, mchere umene uli ndi mphamvu yamagetsi. Gulukosi akamalowa wambiri, sodium amalowanso wambiri, ndipo magetsi a m'kati mwa selo amasintha. Kusinthako kumatsegula timakomo ta kashiamu, kashiamu n'kukhamukira m'kati, ndipo timatumba tam'thako tija timakanikizika kukhungu la selo n'kutaya mahomoni kunja. Zimenezi zinaoneka bwino kuyambira mu 2008, pamene gulu la Fiona Gribble ndi Frank Reimann ku Cambridge linapanga mbewa zimene maselo ake otulutsa GLP-1 amawala, moti ankatha kuwasankha limodzilimodzi n'kuyeza magetsi ake. Onani bwino apa: selo silikuyeza kutsekemera. Likuwerenga gulukosi amene wadutsadi pachitseko. Sucralose, aspartame ndi saccharin zimatsekemera kuposa shuga maulendo mazanamazana pa lilime, koma pa SGLT1 sizilowa. M'matumbo mulinso zolandirira kutsekemera zofanana ndi za pa lilime, zotchedwa T1R2 ndi T1R3, ndipo kwa kanthawi anthu ankaganiza kuti ndizo zimayendetsa zonse. Koma ofufuza atathira sucralose yekha m'mimba mwa anthu athanzi, GLP-1 ndi insulini sizinakwere.

Mafuta nawo ali ndi nkhani yofanana. Selo silizindikira mafuta osagayidwa. Liyenera kudikira kuti aphwanyidwe kukhala tizidutswa totchedwa fatty acids, ndipo pamenepo zolandirira monga FFAR1 ndi FFAR4 zimagwira. Umboni wake ndi wosavuta: munthu akamwa orlistat, mankhwala oletsa mafuta kugayika, CCK ndi GLP-1 zimatuluka zochepa ngakhale wadya mafuta omwewo. Chodabwitsa n'chakuti zina mwa zolandirirazi zikuoneka kuti zili kuthako kwa selo, osati kukhosi, kutanthauza kuti zimamva mafuta atayamwidwa kale. Thupi silikhulupirira lonjezo, limawerenga katundu amene walowa m'nyumba. Mapuloteni amazindikiridwa akadulidwa kukhala ma amino acid ndi tizidutswa tifupitifupi. Ndipo zimene ife sitingagaye, monga ulusi wa m'masamba ndi m'mbewu zosakonola, mabakiteriya a m'matumbo aakulu amaziwola n'kutulutsa acetate, propionate ndi butyrate, zimene maselo akumunsi aja amazimvanso.

Uthenga ukatuluka m'selo umayenda bwanji? Msewu woyamba ndi wa Bayliss ndi Starling uja, wa magazi. Chitsanzo chake chooneka bwino chinatsimikizika mu 1964: mukamwetsa munthu gulukosi, kapamba amatulutsa insulini yochuluka kwambiri kuposa mukamubaya gulukosi mumtsempha wa magazi mpaka shuga wa m'magazi afike pamlingo womwewo. Kusiyanako kumabwera chifukwa cha GIP ndi GLP-1, zimene zimatsogola kukauza kapamba kuti akonzeke, ndipo kwa munthu wathanzi zimathandiza pa theka kapena kuposerapo la insulini yotuluka akamwa shuga. Kwa odwala matenda a shuga a mtundu wachiwiri thandizo limeneli limafooka kwambiri.

Koma msewu wa magazi uli ndi chodabwitsa chake. GLP-1 ikangotuluka imakumana ndi enzyme yotchedwa DPP-4, imene imaidula msangamsanga, moti pakatha mphindi ziwiri theka lake latha kale. Yambiri imawonongeka isanachoke n'komwe m'matumbo, ina imathera m'chiwindi, ndipo imene imafika m'magazi ozungulira thupi lonse ndi kagawo kochepa. Funso n'lakuti, thupi lingavutikirenji kulemba kalata imene imang'ambika isanatuluke pakhomo? Yankho ndi lakuti wowerenga kalatayo ali pakhomo pomwepo. Pansi pa mzere wa maselo uja pali nsonga za mtsempha wotchedwa vagus. Dzinali ndi la Chilatini, lotanthauza woyendayenda, chifukwa umachoka kumunsi kwa ubongo, kutsika m'khosi, kudutsa pamtima ndi m'mapapo mpaka m'matumbo. Anthu ambiri amaganiza kuti mtsemphawu ndi wotsitsa malamulo a ubongo, koma pafupifupi 80 pa 100 ya ulusi wake imanyamula nkhani kuchokera pansi kupita kumwamba. Nsonga zakezo zili ndi zolandirira CCK, GLP-1, PYY ndi mankhwala ena onyamula uthenga otchedwa serotonin. Uthenga umakafikira pamalo otchedwa nucleus tractus solitarius kumunsi kwa ubongo, kenaka n'kugawidwa kupita ku hypothalamus, kumene kuli maselo a njala, ndi kumadera ena okhudza chikhumbokhumbo.

Zoti msewu umenewu ndi weniweni zinaoneka pa makoswe. Mu 1973 James Gibbs, Robert Young ndi Gerard Smith anabaya makoswe CCK, ndipo makoswewo ankasiya kudya msanga. Mu 1981 gulu la Smith linadula vagus wa m'mimba, ndipo CCK yomweyo inasiya kugwira ntchito. Homoni inalipo, koma wokanena ku ubongo panalibe.

Mpaka posachedwapa nkhani inkathera pamenepo: selo limamwaza homoni pafupi, mtsempha n'kununkhiza. Kenaka Diego Bohórquez, wasayansi wobadwira ku Ecuador amene amagwira ntchito ku Duke University ku America, anayang'anitsitsa maselowa n'kuona kuti ena ali ndi kamchira kotuluka kuthako, kofanana ndi mkono wa selo la mtsempha. Iye ndi Rodger Liddle anakatcha neuropod. Mu 2015 anasonyeza kanema wa selo lotere litaikidwa m'mbale limodzi ndi selo la mtsempha, ndipo awiriwo ankatambasulirana mpaka kugwirana. Kuti atsimikize kuti kugwiranako ndi kolumikizana kwenikweni, anagwiritsa ntchito kachilombo ka chiwewe kosinthidwa. Nzeru yake inali yakuti kachilombo ka chiwewe kamayenda m'thupi podumpha kuchoka pa selo la mtsempha kupita pa linzake kudzera pa mfundo zolumikizira zotchedwa synapse. Atakaika m'matumbo a mbewa, kanadumpha kuchoka m'maselo olawa aja kulowa m'mitsempha. Mu 2018, m'magazini ya Science, Melanie Maya Kaelberer ndi anzake a m'gulu lomwelo anasonyeza kuti shuga akafika, maselowa amatulutsa glutamate, mankhwala omwewo amene maselo a mu ubongo amalankhulirana, ndipo vagus amayankha sekondi isanathe. Patatha zaka 116 kuchokera pa galu wa ku London uja, zinapezeka kuti selo limodzi lomwelo limayenda misewu yonse iwiri.

Ndinene maganizo anga pa mfundo imeneyi, chifukwa nkhani za pa intaneti zimaikometsera mopitirira. Ofufuza ena atayang'ana maselo otulutsa GLP-1 m'mbewa anapeza kuti ochepa okha ndi amene amakhudzana mwachindunji ndi vagus, ndipo mkangano wa kuchuluka kwa ma synapse amenewa ukadalipo. Ine ndimaona kuti misewu yonse ilipo, ndipo iliyonse ili ndi ntchito yake. Wachangu uja ndi woyenera kuuza ubongo kuti chimene mukumwa pakali panochi n'chabwino, pitirizani. Wa mahomoni, umene umatenga mphindi zingapo, ndi woyenera kunena kuti zakwana.

Nanga zoti matumbo amakunenezani? Umboni wake pa nyama ndi wamphamvu, ndipo unayamba kale. Kwa zaka zambiri Anthony Sclafani wa ku Brooklyn College ankachita izi: khoswe amapatsidwa mabotolo a madzi onunkhira mosiyana, onse opanda chakudya. Akamamwa a fungo loyamba, kapaipi kamathira shuga m'mimba mwake mwachindunji, osadutsa pakamwa. Akamamwa a fungo lachiwiri, kapaipiko kamathira madzi chabe. Pakapita masiku ochepa khoswe uja amakakamira botolo loyamba, ngakhale lilime lake silinalawepo shuga ndi kamodzi komwe. Mu 2008 Ivan de Araujo ndi anzake anatenga mbewa zosamva kutsekemera chibadwire, ndipo nazonso zinaphunzira kukonda botolo la shuga, dopamine, mankhwala okhudza chikhumbokhumbo ndi mphotho, n'kumakwera mu ubongo wawo. Ndi sucralose zimenezi sizinachitike.

Mu 2020 gulu la Charles Zuker ku Columbia University linafika pafupi kwambiri ndi zimene inu mukufotokoza. Anaikira mbewa mabotolo awiri, lina la shuga, lina la chotsekemera chopanda shuga, atazilinganiza kuti pakamwa zikome mofanana. Poyamba mbewa zinkamwa konsekonse. Pofika maola 48 zinali zitasamukira pafupifupi kotheratu ku botolo la shuga. Ofufuzawo anatsatira uthengawo n'kupeza kuti umayambira pa SGLT1, kukwera ndi vagus, kukafika ku nucleus tractus solitarius, ndipo atatseka njira imeneyi mbewa zinalephera kusankha. Mu 2022 Kelly Buchanan ndi anzake ku Duke anapititsa nkhaniyi patsogolo. Analowetsa kaulusi kofewa kowala m'matumbo a mbewa yamoyo, kamene kuwala kwake kamazimitsa maselo a neuropod okhaokha. Ulusi ukayaka, mbewa imene inkadziwa kale kusankha shuga inkasokonezeka n'kumamwa mabotolo onse mofanana. Anapezanso kuti maselowa amamva zonse ziwiri koma amazinena mosiyana: za shuga amazinena ndi glutamate, za sucralose ndi mankhwala ena otchedwa ATP. Choncho mnzanu uja akati matumbo amakaneneza, sakunama kwenikweni. Ubongo umalandira malipoti awiri, la pakamwa loti kwabwera chotsekemera, ndi la m'matumbo loti gulukosi sanafike.

Apa tsopano ndichepetse liwiro. Zonse ndatchulazi ndi za mbewa ndi makoswe. Munthu sitingamudule vagus kapena kumuika ulusi wowala m'matumbo kuti tione chimene angasankhe. Maselo omwewa, SGLT1 yemweyu ndi mahomoni omwewa tili nawo, ndipo n'zomveka kuganiza kuti dongosolo lake ndi lofanana. Koma munthu amadya pa zifukwa zambiri kuposa mbewa ya m'khola: chizolowezi, kutopa, nkhawa, kuona ena akudya, ngakhale kungodziwa kuti m'kabati muli kanthu. Zaka zonse munkamwa zakumwa za shuga, ubongo wanu unaphunzira kuti kukoma kumeneku, nthawi imeneyi, kumatsatiridwa ndi mphotho yochokera m'mimba. Tsopano kukoma kukubwera, mphotho osabwera. Kusakasaka kwa madzulo kumene mukunena kukugwirizana ndi zimenezi, koma sindingakuuzeni kuti chifukwa chake ndi chokhachi. Ngati masana mumadya pang'ono kapena mumagona mochedwa, yambani mwayang'ana kumeneko, chifukwa kusowa tulo kwapezeka kuti kumakulitsa njala ndi chilakolako cha zotsekemera.

Musamvenso ngati ndikuti zakumwa zopanda shugazo ndi zachabe. Munthu amene ankamwa shuga wambiri tsiku ndi tsiku akasintha, shuga wolowa m'thupi amachepadi, bola asakabwezere kwina. Chimene sizingachite ndi kukhutitsa njala ya shuga imene imachokera pansi. Mu May 2023 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti anthu asadalire zotsekemera zimenezi ngati njira yochepetsera thupi, ngakhale linanena kuti langizolo silikukhudza amene ali kale ndi matenda a shuga, ndipo akatswiri ena anatsutsa kuti umboni wake sunali wokwanira. Kwa ine ndi mlatho wowolokera, osati malo omangapo nyumba. Amene amachepetsa kutsekemera kwenikweniko pang'onopang'ono, mpaka lilime litazolowera, amakhala atachotsa mkangano wa malipoti awiri uja.

Chothandiza china chikuchokera m'maselo omwewa. Mapuloteni amadzutsa CCK, GLP-1 ndi PYY mwamphamvu, n'chifukwa chake chakudya chokhala ndi mapuloteni okwanira chimakhalitsa m'mimba. Zakudya za ulusi zimafikitsa kanthu kwa maselo akumunsi aja, pamene shuga wosungunuka m'madzi amayamwidwa msanga kumtunda. Komanso kukhuta sikuchokera ku mahomoni okha. Vagus ali ndi nsonga zina zimene zimamva kufutukuka kwa chifu ndi matumbo, ndipo mu 2019 gulu la Zachary Knight ku San Francisco linasonyeza pa mbewa kuti kudzutsa nsonga zomva kufutukuka kwa matumbo kumaletsa kudya mwamphamvu. Zonsezi zimafuna nthawi kuti ziunjikane. Wodya mothamanga amamaliza mbale uthenga ukadali m'njira.

Maselo amenewa sangolawa zabwino zokha. Gulu lalikulu mwa iwo, lotchedwa enterochromaffin cells, limapanga pafupifupi 90 pa 100 ya serotonin yense wa m'thupi, ndipo ndi alonda. Mu 2017 gulu la David Julius linasonyeza kuti ali ndi TRPA1, cholandirira chomwecho chimene chimachititsa kuti wasabi, chokometsera chakudya chowawa cha ku Japan, akulaseni m'mphuno, ndipo akamva zinthu zoyabwa amathira serotonin pa mitsempha yapafupi. Ali ndinso Piezo2, yomva kukhudzidwa, imene imapezekanso pakhungu la zala zanu. Serotonin akachuluka mwadzidzidzi, matumbo amathamanga, madzi amatuluka, nseru imabwera. Mankhwala ena a khansa monga cisplatin amasanzitsa kudzera njira imeneyi, ndipo ondansetron, mankhwala oletsa kusanza amene amaperekedwa kwa odwala otere, amagwira ntchito potseka cholandirira serotonin chotchedwa 5-HT3 pa vagus ndi kumunsi kwa ubongo. Rotavirus, kachilombo kotsegula ana m'mimba, nakonso kamadzutsa maselo omwewa. Ndiponyepo chenjezo: mukaona wotsatsa malonda akuti popeza serotonin wambiri ali m'matumbo ndiye kuti chimwemwe chimapangidwa m'mimba, dziwani kuti serotonin wa m'matumbo sadutsa mpanda wotchinga ubongo ku magazi. Ubongo umapanga wakewake.

Mwina mwamvapo za majekeseni ochepetsa thupi amene atchuka zaka zino. Gwero lake ndi nkhani yomweyi. GLP-1 inazindikiridwa m'zaka za m'ma 1980 ndi ofufuza monga Joel Habener, Svetlana Mojsov, Daniel Drucker ndi Jens Juul Holst, koma sikanatheka kukhala mankhwala chifukwa cha DPP-4 uja. Mu 1992 John Eng, dokotala wa ku New York, anapeza m'ululu wa buluzi wotchedwa Gila monster chinthu chofanana ndi GLP-1 chimene DPP-4 sachidula, ndipo mu 2005 chinavomerezedwa ku America ngati mankhwala a shuga otchedwa exenatide. Semaglutide, amene anabwera pambuyo pake, amakhala m'magazi nthawi yaitali moti amabayidwa kamodzi pa sabata, ndipo tirzepatide amatsanzira GIP ndi GLP-1 pamodzi. Kusiyana kwake ndi homoni yachilengedwe n'kwakukulu. Yachilengedwe imanong'oneza kwa mphindi zochepa pafupi ndi vagus; mankhwalawa amafuula usana ndi usiku, ndipo amafika okha kumadera a ubongo kumene mpanda uja uli wotseguka, monga area postrema. Malo amenewa ndi omwenso amayambitsa kusanza, n'chifukwa chake nseru ndi vuto lofala kwa owagwiritsa ntchito. Opaleshoni yolambalalitsa chifu nayo imagwira ntchito mbali ina kudzera m'maselo omwewa: chakudya chimagwera msanga kumunsi, GLP-1 ndi PYY zimakwera kwambiri munthu akadya, ndipo odwala ena shuga wawo amatsika pakangopita masiku ochepa, thupi lisanayambe n'kuchepa komwe.

Kuti muone kufunika kwa maselo ochepawa, pali ana ena, osowa kwambiri, amene amabadwa ndi vuto pa jini yotchedwa NEUROG3, ndipo matumbo awo sapanga maselo olawawa. Matumbowo amaoneka abwinobwino, tizala tija tilipo, maselo oyamwa alipo. Koma mwana akangoyamwa amatsegula m'mimba koopsa, ndipo amafunika kudyetsedwa kudzera mumtsempha wa magazi. Nkhani yawo inalembedwa koyamba mu 2006.

Kwa inuyo, yesani kwa masabata angapo kudya chakudya chamasana chokhala ndi mapuloteni ndi masamba okwanira, kudya mosathamanga, ndi kusinthanitsa zina mwa zakumwa zotsekemerazo ndi madzi, muone ngati kusakasaka kwa madzulo kukuchepa. Koma ngati chilakolako cha shuga chikubwera limodzi ndi ludzu losatha, kukodza pafupipafupi makamaka usiku, kutopa kapena kuwonda popanda chifukwa, musadikire masabata amenewo. Pitani kuchipatala akakuyezeni shuga wa m'magazi.